Mpira Umene Ndinaponyera Sailesi ku Sighthill

Amene akuti ndikunama aimirire ndimuone nkhope. Ndakumva kunong'onako pa tebulo la kumbuyo uko, pamene pakhala ana a ku yunivesite, ndipo ndamuona mmodzi wa inu akusisita foni pansi pa tebulo kufunafuna dzina langa, ngati kuti munthu amene mulibe m'foni sanabadwe. Bwezani m'thumba chinthucho. Tangochoka kumene kumanda, matope akadali ku nsapato zathu, tiyi amene amayi a mumpingo atikonzera m'holo muno sanazizire n'komwe, ndipo ine Yotamu Nkhwazi sindinganame pa tsiku limene taika m'dothi la eni munthu amene ndinakula naye. Abusa alalika bwino. Anena kuti malemu Sailesi Kamwendo anali mkulu wa mpingo kuno ku Shawlands, anali wofatsa, ankasamalira nkhalamba za kuno ngati makolo ake. Zonsezo n'zoona. Koma palibe wanena kuti munthuyu anali katswiri wa besibolo ku America, wolembedwa ntchito, wodya za mpira, ndi kuti amene ankamuponyera mpirawo ndine. Ndikumutchula ndi dzina chifukwa ndi mmene ndinkamuitanira, mundikhululukire. Khalani pansi. Mukumva?

Tinabadwira mudzi umodzi kuseri kwa mapiri a ku Ntcheu, minda ya makolo athu inagundana malire, ndipo ntchito yathu chimanga chikayamba kukhwima inali yolinda anyani. Anyani a kumeneko sanali opusa ngati a kwina. Ankaika mlonda wawo kuseri kwa mkuyu waukulu, kumene mwala wowongoka sungafike, ndiye ine ndinaphunzira kuponya mwala wokhota, wozungulira mkuyuwo n'kukamupeza mlondayo pa chipumi, ndipo atasamukira kuseri kwa thanthwe ndinaphunzira wokwera kenaka n'kugwa mwadzidzidzi ngati wakumbukira kanthu pansi, ndipo atayamba kubisala awiriawiri ndinaphunzira womenya uyu n'kudumphira winayo, mpaka chaka china anyani onse anasonkhana pa phiri, anakhala upo tsiku lonse, m'mawa mwake anawolokera ku Mozambiki ana ali kumsana, ndipo mpaka lero mukafunsa kumeneko adzakuuzani kuti kuli anyani amene amagwira pamutu akamva Chichewa. Koma miyala yabwino, yobulungira, inali yosowa. Sailesi ndi amene anaona kuti tikungoitaya. Anayamba kumakaima tsidya lina la munda, ndipo mwala ukamenya nyani n'kunjanja, iye ankauwakha ndi dzanja n'kundibwezera. Pamene timamera ndevu, chikhatho chake chamanzere chinali chitasanduka chiboda cha ng'ombe, moti ankatola khala lamoto kunyumba n'kukayatsira moto kudimba.

Titakula tinapita ku Joni, kumigodi, monga ankachitira amuna a nthawi imeneyo. Kumeneko kunabwera mzungu wa ku America kudzakonza makina otsitsira anthu pansi, munthu wamtali wotafuna fodya, ndipo Lamulungu lina masana anatipeza kuseri kwa komponi tikuwotcha nyama pa mbaula. Mphamba anatsika, anakwatula nyamayo n'kukwera nayo mpaka anaoneka ngati ntchentche. Ndinatola mwala. Ndikulumbira pamaso pa abusa ali apawa, mwalawo unakamupeza m'mitambo, unamugunda pa zala zokha osathothola nthenga ndi imodzi yomwe, nyama inagwera pa mbaula pomwe paja itatembenukira mbali yosapsa, ndipo mwala uja pobwerera, utatentha ngati wochokera m'ng'anjo, Sailesi anangotambasula dzanja osaimirira n'komwe, n'kuuwakha uku akuwaza mchere ndi dzanja linalo. Mzunguyo anavula chipewa. Anati mchimwene wake amayang'anira timu ya besibolo kwawo, ndipo akufuna kunditenga. Ndinamuuza kuti munsi suyenda wokha popanda mtondo, akafuna ine atenge tonse awiri. Anatitenga tonse awiri.

Kwa inu amene simunawaonepo masewerawa, ndi osavuta. Pakati pa bwalo pali kachulu, pamenepo pamaima woponya. Kutsogolo kwake, mtunda ngati kuchoka pano kukafika pa khomo la kumsewu, pamaima munthu wa timu ina atanyamula chibonga, ndipo kumbuyo kwa munthuyo kumanyonyomala wowakha, atavala chigoba cha waya kumaso ndi golovesi yaikulu ngati lichero kumanzere. Mpira wake ndi wa chikopa choyera, wosokedwa ndi ulusi wofiira, kukula kwake ngati dzaye, kulimba kwake ngati mwala wa mumtsinje. Womenya akauphonya katatu, watuluka. Zothamangathamanga zinazo ndi za anthu ena. Masewera enieni ndi a anthu awiri oyang'anana, woponya ndi wowakha, mlendo ataima pakati pawo ndi chibonga. Owakha ena amauza anzawo mpira woti aponye ndi zala, mobisa, kuti adani asaone. Ife sitinkavutika nazo zimenezo. Sailesi ankangofuula m'Chichewa kuti wokhota, kapena wogwa, kapena wowongoka, ndipo m'dziko lonselo munalibe woti n'kumva.

Musaganize kuti unali moyo wa mahotela ndi ndege. Tinayambira m'maligi ang'onoang'ono, kumene osewera amakhalira m'basi, lero tauni iyi, mawa ina, kudutsa minda ya chimanga yosatha yopanda nyani ndi mmodzi yemwe, poyamba kuzizira kolowa m'mafupa, pakati pa chaka dzuwa losungunula phula pamsewu. Kunali malo odyera kumene anzathu ankalowa ife n'kutsala m'basi, wina n'kutibweretsera chakudya m'pepala. Olengeza pabwalo dzina langa linawakanika pakhosi, anandipatsa lawo, Sailesi anamupatsanso lina, ndipo mainawo sindiwatchula chifukwa sanali athu. N'chifukwa chake foniyo sinandipeze, mwana wanga. Sailesi sankadandaula. Ankachapa masokosi athu m'sinki, kuwayanika pa windo la basi, n'kumaimba nyimbo za kutchalitchi chapansipansi mpaka azungu ena anaziloweza osadziwa tanthauzo lake.

Koma tikafika pabwalo zonsezo zinkaiwalika. Mpira wanga wowongoka unkafika m'golovesi chithunzithunzi chake chikadali pakati pa njira, moti woyimbira ankadikira chifike kaye kuti adziwe pamene wadutsa, ulusi wofiira uja unkapsa n'kusanduka wakuda, ndipo kukagwa mvula mpirawo unkaboola njira youma m'mvulamo ngati una wa mbewa, njirayo n'kukhala choncho mpaka ndiponye wina. Dzanja la Sailesi, la chiboda lija, linayamba kutupa, ndiye anayamba kumaika nthuli ya nyama ya ng'ombe yaiwisi mkati mwa golovesi, masewera akamatha inkakhala itapsa bwinobwino, tinkadyera m'basi, timu yonse inkalawa, kochi n'kumandipempha kuti mawa ndichepetseko mphamvu chifukwa iye amakonda yosapsetsa. Mukumva? Tsiku lina anatibweretsera chimunthu china chimene chinkaopedwa m'chigawo chonsecho, khosi ngati mtondo, chibonga chake anthu awiri ankachita kuthandizana kunyamula, ndipo zinkamveka kuti mpira wina umene chinamenya unakatera m'sitima yopita ku Canada. Sailesi anachiyang'ana kuyambira kumapazi, n'kufuula kuti ndiponye wa anyani awiriawiri uja. Ndinaponya kamodzi kokha. Mpira unabwera, chinamenya mphepo. Mpira unakhota, unachizungulira kumsana n'kubweranso kutsogolo, chinamenyanso mphepo. Unakwera, unaima m'malere ngati ukuganiza, n'kutsika pang'onopang'ono pamphuno pake penipeni, ndipo chinaphonya kachitatu mwamphamvu moti mphepo ya chibongacho inavula zipewa anthu onse okhala kumanzere kwa bwalo. Woyimbira anatsegula buku la malamulo, analitseka, n'kunena kuti katatu ndi katatu basi. Chimunthucho chinakhala pansi pomwepo n'kulira, ndipo Sailesi ndi amene anachigwira paphewa n'kuchiperekeza.

Mbiri inakwera mpaka kwa akuluakulu. Patapita zaka zingapo za m'basi, kochi anatiitanira m'kaofesi kake, anatseka chitseko, n'kutiuza kuti a ligi yaikulu, imene munthu aliyense wa m'basi muja ankailota, atiitana tonse awiri, ndipo galimoto ibwera kudzatitenga Lolemba m'mawa. Linali Loweruka. Panatsala masewera amodzi, a Lamulungu, ndipo kochi anati ndipume. Sailesi nayenso anati ndipume. Anandiuza kuti kwa masabata atatu mpira wanga wakhala ukufika wopepuka, anthu sakuona koma dzanja lake likumva, ndipo nyama ija yayamba kutsala yaiwisi pakati. Ndinamukalipira. Ndinamuuza kuti dzanja lake ndi limene lakalamba, ndi kuti pakadapanda ine bwenzi akulindabe anyani. Ine, kumuuza Sailesi mawu amenewo. Ndinkafuna tauni ija indione komaliza.

Ndinaponya bwino mpaka chakumapeto. Kenaka, pa mpira wina wamba, wosafunika n'komwe, china chake chinaduka m'chigongono mwanga, ndipo phokoso lake linali ngati la mlombwa ukuthyoka, akhwangwala anauluka m'minda yonse yozungulira, mawotchi a m'tauni anaima, ndipo kalata imene ndinalandira pambuyo pake inati tsiku lomwelo kwathu amayi anagwetsa mtsuko pa chitsime popanda chowapunthwitsa, n'kugwira dzanja lawo lamanja. Mpira uja unagwa patsogolo panga n'kugubuduka wokha, pang'onopang'ono, mpaka unakaima pa phazi la Sailesi. Anavula chigoba chija, anautola, anabwera pa kachulu n'kuuika m'thumba langa, chifukwa wowakha sasunga mpira, amabweza kwa mwini wake. Kenaka anandibereka kumsana mpaka kuchipatala.

Lolemba galimoto inabwera. Ine ndinali chigonere, dzanja lili m'chikhakha. Sailesi analowa atanyamula chikwama chake, anachikankhira kunsi kwa bedi langa, n'kukhala pampando.

"Sailesi, galimoto ikukudikira."

"Ndaiuza izipita."

"Wapenga kodi? Pita. Anthu amenewa saitana kawiri."

"Ndikawakha mpira wa ndani kumeneko?"

Ndinamutukwana mpaka anamwino anabwera. Iye anangosenda lalanje n'kumandidyetsa. Miyezi yotsatira ankandimangira zingwe za nsapato, kundimeta ndevu, kundiveka malaya, ndipo za mawu aja sanandikumbutsepo. Anthu a ligi yaikulu aja sanamuitanenso. Anasewera nyengo zina zingapo m'maligi a m'basi omwe aja, kuwakhira oponya amene mipira yawo sinkafunditsa n'komwe nyama, mpaka maondo ake anatha. Ine dzanja linapola lokhota. Onani. Silitambasuka kupitirira apa.

Tinagwira ntchito m'sitima zapamadzi, kupala dzimbiri ndi kusenda mbatata, mpaka ina inatisiya kuno ku Glasgow, ndipo patapita nthawi anatipatsa malo ku Sighthill, m'zinyumba zazitali zija zimene ana inu simunazione. Ine ndinali pamwamba penipeni, iye nsanjika ziwiri pansi panga. Kutalika kwake, mitambo inkalowera pa windo la kukhitchini n'kutulukira la kuchipinda itanyowetsa zofunda, lifiti ikafa munthu ankanyamuka pansi ndi mkaka n'kufika pamwamba ndi chambiko, ndipo mphepo ikaomba tiyi ankasendera mbali imodzi ya kapu. M'makwerero munkamveka zilankhulo za dziko lonse lapansi, anthu othawa nkhondo, khomo lililonse ndi fungo la ndiwo zakwawo. Ine ndinkatsuka mabasi. Sailesi analowa ntchito yosamalira okalamba, ndipo kumeneko anakumana ndi alamu anga ali apawa, a Nachisale, anamwino ochokera ku Zomba, ndipo ana awo awiriwa, amene ndikawalonjera amandiyankha m'Chizungu chimene ngakhale azungu a ku America sakanachimva, anaphunzira kuyenda m'khonde la nyumba imeneyo. Mpira uja unkakhala m'thumba la jekete langa tsiku lililonse. Sindinauponyepo.

Kenaka a boma anati nyumbazo zakalamba, azigwetsa. Ine anandisamutsira ku Partick, Sailesi ndi banja lake kuno ku Shawlands. Tsiku logwetsa yathu linali Lamulungu m'mawa, ndipo ndiulule pamaso pa abusa kuti mkulu wanu wa mpingo anajomba mapemphero tsiku limenelo. Tinakumana m'tauni n'kukwera basi tili atatu, iye, alamu ndi ine, iye ndodo ili m'manja chifukwa cha maondo aja. Kunali chiperoni cha kuno, chosatha chija. Anthu anadzaza kuseri kwa mpanda wa waya, ana ali pamapewa a abambo awo, ena atanyamula mafulasiki, ena akulozerana mawindo amene anali awo. Lipenga linalira. Anthu anawerenga chobwerera m'mbuyo. Mabomba anaphulika kunsi kwa nyumbayo, nthaka inatigwedeza, mawindo onse anatulutsa utsi nthawi imodzi, nyumba inatsika pang'ono, n'kuima.

Mukumva? Inaima. Inaima itapendekera kumene kunali ife, chiphiri chonse chija cha simenti chitatsamira pa chipilala chimodzi chimene chinakana kuduka, mphepo ikuikankha kuchokera kumbuyo, nyumbayo ikubuula ngati ng'ombe yoona mpeni, tizidutswa tikuyoyoka, amuna a zipewa zolimba akuthamanga uku ndi uku akukuwa m'mawailesi awo, khamu lonse likufuna kuthawa koma msewu uli wopapatiza, azimayi akugwa, ana akulira, ndipo aliyense wodziwa za nyumba ankaona kuti chipilala chija chikathyoka chokha nyumbayo itigwera tonse, koma wina atachimenya mbali ya kummawa, pamalo amodzi okha, ipotoloka n'kugwera pa bwalo lopanda anthu. Nanga ndani akanapita pansi pamenepo? Nditacheuka kuti ndimugwire Sailesi tithawe, ndinangopeza ndodo yake itatsamira pa waya.

Anali atakwawira kale kunsi kwa mpanda. Ndinamuona akutsimphina kudutsa pabwalo lija yekhayekha, mkulu wa imvi, atavala suti yake ya kutchalitchi, miyala ikugwa uku ndi uku, mpaka anafika pa chipilala chija, anachipapasa ngati dokotala, anapeza malo ake, kenaka anatembenuka, ndipo ndi maondo omwe aja amene ankalephera kugwada nawo popemphera, ananyonyomala, n'kukweza dzanja lamanzere pafupi ndi malowo, lopanda golovesi.

"Yotamu, wowongoka."

Sanakuwe, koma ndinamva. Ndinamuyankha kuti dzanja linafa kalekale. Iye sanasunthe, anangotsegula chikhatho. Ndinatulutsa mpira uja, utachita chikasu ndi thukuta la zaka zonsezo, ndinavula jekete n'kupatsa alamu, zala zinapeza zokha ulusi, ndinakweza mwendo, ndipo chigongono chimene madokotala anati sichidzawongokanso chinawongoka, ndinachimva chikutseguka ngati chitseko cha nyumba yosiyidwa, ndipo ndinaponya, ndinaponya ndi zonse zimene sindinakaponye ku ligi yaikulu, ndi Lolemba lija, ndi mawu oipa ndinamuuza Loweruka aja, ndipo mpirawo unadutsa pa diso limodzi la waya osaukhudza, unaumitsa chiperoni kuchokera ku Sighthill mpaka ku mtsinje wa Clyde, mtsinjewo unabwerera m'mbuyo kwa kanthawi, sitima za pansi pa nthaka zinaima zokha m'njanji, mbalame za kunyanja zoyera zosokosa zija zinagwa m'malere zitakomoka, mabelu a matchalitchi analira popanda wowakoka, ndipo unakamenya chipilala chija pambali penipeni pa zala za Sailesi n'kuchidula ngati nzimbe. Nyumba inapotoloka. Inatifulatira, inagwada nsanjika ndi nsanjika ngati munthu wamkulu wofika pa siwa, n'kugona pabwalo lopanda anthu lija. Fumbi linakwera n'kuphimba chilichonse, ndipo Sailesi anali mkati mwa fumbilo.

Ine ndinali nditagwira waya, ndikuitana dzina lake. Tinadikira nthawi yoti munthu n'kuimba nyimbo yonse ya maliro mpaka ndime yomaliza. Kenaka m'fumbimo munatuluka munthu woyera kuyambira tsitsi mpaka nsapato, akutsimphina, mpira uli m'dzanja lamanzere ukufuka utsi, chifukwa utadula chipilala unanjanja, ndipo iye sanaulole kugwa pansi. Anafika pa waya, anandipatsa, n'kundiuza kuti ndauponya mokwera pang'ono.

Umu ndi mmene nyumba ija inagwera, ndipo ndikulumbira pamaso pa...

Alamu, mukundiyang'ana. Mwakhala mukundiyang'ana chiyambire nkhani ya nyumbayi, simunanene kanthu, ndipo kukhala chete kwanuko kukundilemera. Munalipo. Munandigwirira jekete.

Chabwino. Nyumba ija inagwa bwinobwino monga eni ntchito anakonzera, sinapendekere kwa munthu aliyense, ndipo Sailesi sanakwawe kunsi kwa waya, maondo ake sakanalola. Lipenga litalira ine ndinayamba kulira, nkhalamba yonse ine, ndikuyang'ana windo langa la pamwamba lija, chifukwa ndinadziwa kuti sindidzatsikanso nsanjika ziwiri n'kugogoda pa chitseko chake. Iye anandiona. Anandibweza m'mbuyo mapazi angapo pa msewu, anakatsamira pa waya nyumba ili kumbuyo kwake, anatsegula chikhatho n'kunena kuti ndiponye, titsanzike nyumba yathu. Ndinavuladi jekete. Ndinaponyadi. Mpirawo sunafike ndi pakati pomwe. Unagwa pa phula, unadumpha kawiri n'kugubudukira m'ngalande, dzanja langa likuyaka moto, mayi wina wa galu akuseka. Nthawi yomweyo mabomba anaphulika ndipo nyumba inagwa. Sindinaione n'komwe ikugwa. Ndinali kuyang'ana mpira m'ngalande.

Sailesi anatsimphina, anawerama ndi ndodo yake, anautola, n'kuyamba kukupiza dzanja ndi kuliuzira ngati wagwira chitsulo chamoto. Anatembenukira kwa mayi wa galu uja ndi azungu onse anali pamenepo, n'kuwauza m'Chizungu chake cha kutchalitchi, nkhope yosaseka, kuti munthu uyu ndi amene wagwetsa nyumbayo, kuti iye wawakha mipira yake moyo wonse ndipo uwu waposa yonse. Anauza anthu a m'basi pobwerera. Anakauza nkhalamba zake kuntchito. Chaka chilichonse ankawonjezerako. Chipilala chija n'chake, mtsinje wobwerera m'mbuyo ndi wake, mabelu anawaikamo chaka chatha chomwechi ali kale ndi matenda. Iye ndiye ankafotokoza, ine ndinkangovomera ndi mutu. Lero n'koyamba kuifotokoza ndekha, ndipo mwaona nokha kuti yandithera panjira.

Za ku America musandifunse kuti ziti ndi ziti. Basi inalipo. Dzanja ndi ili. Galimoto inabweradi Lolemba, ndipo inabwerera yopanda munthu.

Tsiku la nyumba lija anandibwezera mpira uli wonyowa ndi madzi a m'ngalande. M'mawa uno, musanafike nonse, bokosi lisanatsekedwe, ndinapempha okonza maliro aja kuti andisiye naye pang'ono. Sindinauponye, alamu. Ndinangomutsegula zala za kumanzere n'kuuika m'chikhatho. Ndinaimirira pamenepo kanthawi, ndikudikira. Ulendo uno sanabweze.